Utsi wa magalimoto a dizilo ndi malamulo a Euro: mafunso ndi mayankho

Magalimoto a dizilo amene akubwera masiku ano kuchokera ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa ali ndi zipangizo za ku ekizozi zimene magalimoto akale analibe. Zipangizozo zinabwera chifukwa cha malamulo a utsi a kumayiko kumene magalimotowo anapangidwira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni magalimoto, madalaivala ndi amakaniko amafunsa mobwerezabwereza.

Kodi mu utsi wa dizilo mumakhala chiyani?

Dizilo akapsa yense bwinobwino amasanduka mpweya wa carbon dioxide ndi nthunzi. Lita imodzi imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.6 a carbon dioxide, ndipo palibe chipangizo cha ku ekizozi chimene chingauchotse. Umachepa pokhapokha galimoto ikamamwa pang'ono.

Zimene malamulo a utsi amalimbana nazo kwenikweni ndi ziwiri. Choyamba ndi mwaye, umene m'mabuku amaulemba kuti PM. Umapangika pamene timadontho ta dizilo tapsa popanda mpweya wokwanira. Chachiwiri ndi NOx. Mu mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nitrogen. Nitrogen ameneyu salowerera kanthu, koma mu silinda mukatentha kwambiri amagwirana ndi oxygen n'kusanduka NOx. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri komanso imakoka mpweya woposa umene ikufunikira, choncho imapanga NOx wambiri kuposa ya petulo. Mulinso carbon monoxide ndi mafuta osapsa, koma pa dizilo zimenezi n'zochepa ndipo sizivuta kuthana nazo.

Galimoto yanga situlutsa utsi wakuda. Ndiye kuti ili bwino?

Osati kwenikweni. Chimene diso limaona ndi mwaye waukuluwaukulu. Tizidutswa timene madokotala amadandaula nato ndi tosapitirira ma micrometre 2.5, pamene tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa pafupifupi ma micrometre 70. Tambiri ta mu utsi wa dizilo n'tochepanso kuposa pamenepo. NOx nayenso saoneka potuluka. Injini ya makono imene yachotsedwa sefa yogwira mwaye ya ku ekizozi ikhoza kumaoneka yoyera kumbuyo koma ikumwaza tizidutswa tosawerengeka.

Utsi umenewu umadwalitsadi?

Inde. Mu June 2012 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. Mwaye wosaonekawo umalowa mpaka pansi pa mapapo ndipo umawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. NOx amautsa mphumu, makamaka kwa ana. Amene amaupuma kwambiri si mwini galimoto ayi, koma ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, a kabaza amene amatsata thiraki pa mtunda, makondakitala m'madepoti, ndi amakaniko amene amaliza injini m'galaja yotseka.

Nanga Euro 4, Euro 5 ndi Euro 6 n'chiyani?

Ndi malire amene bungwe la European Union linaika pa utsi wa galimoto yatsopano isanaloledwe kugulitsidwa. Euro 1 inayamba mu 1992, Euro 2 mu 1996, Euro 3 mu 2000, Euro 4 mu 2005, Euro 5 mu 2009 ndipo Euro 6 mu 2014. Za magalimoto ang'onoang'ono amazilemba ndi manambala wamba ndipo amayeza magalamu pa kilomita. Za mathiraki ndi mabasi amazilemba ndi manambala achiroma, monga Euro V ndi Euro VI, ndipo amayeza injini payokha, magalamu pa kWh ya mphamvu imene yatulutsa.

Pa galimoto yaing'ono ya dizilo, NOx wololedwa anali magalamu 0.50 pa kilomita mu Euro 3, anatsika kufika 0.25 mu Euro 4, 0.18 mu Euro 5, ndi 0.08 mu Euro 6. Mwaye unachoka pa 0.05 mu Euro 3 kufika 0.025 mu Euro 4, kenako n'kugwa kufika 0.005 mu Euro 5. Kugwa kumeneku ndi kumene kunakakamiza opanga magalimoto kuika sefa pa dizilo aliyense, chifukwa panalibenso njira ina. Kwa mathiraki, NOx anachoka pa magalamu 2.0 mu Euro V kufika 0.4 mu Euro VI.

Mayiko ena ali ndi malamulo awo. Japan inakhwimitsa ake mu 2009, ndipo mzinda wa Tokyo unali utayamba kale mu 2003 kuletsa mathiraki akale opanda sefa. India, imene malamulo ake amatchedwa BS, inalumpha kuchoka pa BS IV kupita pa BS VI mu April 2020. N'chifukwa chake thiraki yaing'ono yochokera ku Japan imabwera ndi sefa ngakhale sinapondeko ku Ulaya.

EGR, DOC, DPF ndi SCR zimagwira ntchito yanji? Chimodzi sichikanakwanira?

Vuto ndi loti mwaye ndi NOx zimakokana. Moto wa mu silinda ukatentha kwambiri mwaye umapsa koma NOx amachuluka. Ukaziziritsidwa NOx amachepa koma mwaye umachuluka. Choncho chilichonse chimafuna chipangizo chake.

EGR ndi valavu yobweza gawo la utsi kuti ulowenso mu injini. Utsi ulibe oxygen wambiri, ndiye motowo umatsika ukali ndipo NOx amachepa. Kuipa kwake, mwaye umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo n'kumata phala lakuda mu valavu ndi mu manifodi.

DOC ndi chipangizo choyamba pa paipi ya ekizozi. M'kati mwake munapakidwa platinum ndi palladium, ndipo chimamaliza kuwotcha carbon monoxide ndi mafuta osapsa. Chimathandizanso kutenthetsa sefa imene ili kumbuyo kwake.

DPF ndiye sefayo. Ili ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, totsekedwa kumapeto mosinthanasinthana, kotero utsi umakakamizika kudutsa m'makoma ake n'kusiya mwaye. Imagwira mwaye woposa magawo 95 pa 100. A Isuzu amaitcha DPD, a Hino ndi Toyota amaitcha DPR, koma ntchito ndi imodzi.

SCR imachotsa NOx pogwiritsa ntchito AdBlue. Onani funso la AdBlue m'munsimu.

Zolemba zoti 50 ppm pa pampu zimatanthauza chiyani?

Ndi kuchuluka kwa sulufule: mamiligalamu 50 mu kilogalamu imodzi ya dizilo. Sulufule amawononga platinum wa mu DOC, amawonjezera zotsalira mu sefa, ndipo akakumana ndi nthunzi mu EGR amapanga asidi. Magalimoto a Euro 4 anapangidwira dizilo wa 50 ppm. A Euro 5 ndi Euro 6 anapangidwira wa 10 ppm, amene ndi lamulo ku Ulaya kuyambira 2009.

Kenya, Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Burundi anasamukira ku 50 ppm mu January 2015. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anatsatira mu 2017. Ku Zambia, paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kupita ku Ndola inayamba kunyamula dizilo wa sulufule wochepa mu 2023 m'malo mwa mafuta osayenga. Ku South Africa mumapezeka wa 50 ppm ndi wa 10 ppm.

Galimoto ya sefa imayenda pa 50 ppm, kungoti sefa imadzaza msanga ndipo oyilo amafunika kusinthidwa msanga kusiyana ndi mmene buku la ku Ulaya linalembera. Dizilo wa 500 ppm ndiye wosayenera n'komwe. Ena amati dizilo wa sulufule wochepa ndi wouma ndipo amadya pampu. Zoona zake n'zakuti pochotsa sulufule amachotsanso zina zotereretsa, koma oyenga mafuta amathiramo mankhwala obwezeretsa. Pampu zambiri zimafa ndi madzi, fumbi ndi parafini.

Nyale ya DPF yayaka pa dashibodi. Nditani?

Ikutanthauza kuti sefa yadzaza ndipo yalephera kudziyeretsa. Sefa imadziyeretsa powotcha mwaye m'njira ziwiri. Pa ulendo wautali, utsi ukakhala wotentha madigiri 250 mpaka 400, mwaye umapsa wokha pang'onopang'ono. Zikapanda kutero, kompyuta imathira dizilo wowonjezera mochedwa kuti akapsere mu DOC, sefa itenthe kufika madigiri pafupifupi 600. Zimenezi zimachitika pakatha makilomita mazana angapo ndipo zimatenga mphindi 10 mpaka 25. Mungazindikire kuti zikuchitika: injini imalira mokwererako mutaima, fani imazungulira mwamphamvu, ndipo pansi pa galimoto pamamveka fungo la chitsulo chotentha. Mukazimitsa injini pakati pa ntchitoyo imadukira pomwepo. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, monga kwa munthu amene ulendo wake ndi wa kunyumba, kusukulu kwa ana ndi kuntchito basi, sefa imadzaza.

Nyale ikangoyaka, onetsetsani kuti m'thanki muli mafuta oposa kota, chifukwa magalimoto ambiri sayamba kuwotcha mafuta akachepa. Tulukani m'tauni muyende mphindi 20 mpaka 30 pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola, pa giya yosunga injini cha m'ma 2,000 mpaka 2,500 rpm. Pa mathiraki a ku Japan pali batani lake: imikani pamalo poyera, giya ikhale pa nyutulo, kokani handibuleki, injini ikhale yotentha kale, dinani batani ndipo musagunde chopondera chilichonse mpaka nyale itazima. Musaimike pa udzu wouma kapena pafupi ndi zigubu za mafuta, chifukwa mpweya wotuluka ku ekizozi nthawi imeneyo ukhoza kuyatsa moto.

Nyale ikayamba kuphethira, kapena ikayaka pamodzi ndi ya injini galimoto n'kufooka, kuyenda sikuthandizanso. Pitani kwa makaniko wa kompyuta. Asanathamangire kuwotcha mokakamiza, ayambe wapeza chifukwa: timapaipi tiwiri ta sensa yoyeza kupanikizika kwa utsi timang'ambika kapena kutsekeka, manozo amadontha, EGR imakakamira, paipi ya turbo imaboola, kapena thermostat imakhala yotsegukiratu injini n'kumalephera kufika pa kutentha kwake. Kuwotcha sefa yodzaza mopitirira kungaisungunule m'kati.

Chifukwa chiyani oyilo akuchuluka m'malo mochepa, ndipo oyilo woyenera ndi uti?

Dizilo wothiridwa mochedwa uja, wina amatsetsereka m'makoma a silinda n'kugwera mu sampu. Kuwotcha kukamadukizidwa, dizilo wogwerayo amachuluka, oyilo amasungunuka ndipo mabeyaring'i ndi turbo zimayamba kudyeka. Solani dipisitiki sabata iliyonse ndipo muinunkhize. Pa Mazda ya injini ya Skyactiv-D pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Oyilo akafika pamenepo asinthidwe tsiku lomwelo.

Oyilo wamba wa dizilo ali ndi mankhwala amene akapsa amasiya phulusa, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye. Limakhalira mu sefa mpaka itachotsedwa n'kutsukidwa ndi makina. Pa chigubu yang'anani zilembo izi: ACEA C1 mpaka C4 kwa magalimoto ang'onoang'ono a ku Ulaya malinga ndi buku lake, JASO DL-1 kwa ang'onoang'ono a ku Japan, JASO DH-2, API CJ-4 kapena CK-4, ACEA E6 kapena E9 kwa mathiraki. Manambala a 15W-40 okha sakuuzani kanthu za phulusa.

AdBlue n'chiyani? Sindingasungunule feteleza wa urea m'madzi?

AdBlue ndi magawo 32.5 pa 100 a urea woyengedwa bwino ndi magawo 67.5 a madzi ochotsedwa mchere wonse, motsatira muyezo wa ISO 22241. Ku America amamutcha DEF. Sathiridwa mu dizilo, ali ndi thanki yakeyake ya chivindikiro cha buluu. Amapoperedwa mu paipi ya ekizozi, kutentha kumamusandutsa ammonia, ndipo mu SCR ammonia amaphwanya NOx kukhala nitrogen ndi madzi. Zimayamba kugwira bwino utsi ukafika madigiri pafupifupi 200. Thiraki imamwa malita 4 mpaka 8 pa malita 100 alionse a dizilo, galimoto yaing'ono lita imodzi kapena ziwiri pa makilomita 1,000.

Za feteleza, ayi. Urea wa kumunda amakutidwa ndi mankhwala oti asagwirane m'thumba ndipo amakhala ndi zosafunika monga biuret, pamene madzi a pampopi kapena a pamjigo ali ndi calcium ndi mchere wina. Zimenezi zimatseka nozo ya AdBlue ndi kupha SCR, ndipo SCR ikafa siitsukidwa, imangosinthidwa.

Kuno kotentha vuto ndi kasungidwe. Chigubu chosatsegula chimakhala pafupifupi chaka chikasungidwa pamthunzi posapitirira madigiri 30, koma cha pa dzuwa chimaguga m'miyezi yochepa. Yang'anani tsiku lopangidwa. Musagwiritse fanulo imene inadutsapo dizilo kapena oyilo, kapenanso chotengera cha kopa ndi chitsulo wamba. Akatayikira amauma n'kusiya zoyera ngati mchere, zimene zimachoka ndi madzi ofunda. Mukalakwitsa n'kumuthira m'thanki ya dizilo, musatembenuze kiyi n'komwe, thanki ikhuthulidwe kaye.

Nanga AdBlue akatha panjira?

Lamulo la ku Ulaya limakakamiza galimoto kuti isayende popanda iye. Yaing'ono ya Euro 6 imachenjeza patatsala makilomita pafupifupi 2,400. Akatheratu, injini siizima muli paulendo, koma mukaizimitsa siilizanso mpaka mutathira malita angapo. Thiraki ya Euro VI imayamba yadula mphamvu ndi magawo 25 pa 100, kenako imatsekera liwiro pa makilomita 20 pa ola. Dalaivala wa ulendo wa ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam anyamule wokwanira kupita ndi kubwerera. Uthenga womwewo ukhoza kubweranso thanki ili yodzaza, sensa ya NOx ikafa kapena nozo ikatsekeka ndi zoyera zija.

Kodi sikwabwino kungochotsa DPF ndi AdBlue?

Ambiri amachita, ndipo chifukwa chake n'chomveka: sefa yatsopano ndi yodula. Komabe sitilimbikitsa. Sefa siitsekeka popanda chifukwa, ndipo mukaiboola chifukwacho chimatsala. Ngati anali manozo odontha, adzapitiriza kudontha mpaka pisitoni itaboola. Kompyuta nayo imafunika kusinthidwa pulogalamu, ndipo ikasinthidwa mwachisawawa imapitiriza kuthira dizilo wowotchera sefa imene kulibe, oyilo n'kumasungunuka. Mwaye wonse umene sefa inkagwira umabwerera kwa anthu atchulidwa pa funso la matenda aja. Njira yotsikirapo mtengo ndi kukonza chimene chayambitsa, kenako kutsukitsa sefa ndi makina.

Ku Britain ndi mlandu. Kuyambira May 2018 galimoto imene sefa yake yasokonezedwa imalephera MOT, kuyeza kwa pachaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo chindapusa chimafika £1,000 pa galimoto yaing'ono ndi £2,500 pa vani.

Thiraki yanga ndi yakale, ilibe zonsezi. Mtundu wa utsi umandiuza chiyani?

Wakuda ndiye kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Yambani ndi fyuluta ya mpweya, chifukwa m'misewu ya fumbi imatsekeka msanga. Kenako onani mapaipi a turbo ndi intakula ngati pali ponyowa ndi oyilo, yezetsani manozo, ndipo funsani ngati wina sanatsegule sikuluwu ya mafuta pa pampu kuti thiraki ikoke katundu wopyola muyezo. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi magawo 10 pa 100 pa mamita 1,000 alionse. Ndiye thiraki imene imayenda bwino ku Salima imafuka ikamakwera ku Dedza. Pa mtunda wa Chiweta, tsitsani giya msanga m'malo mopondereza mafuta injini ikubanika.

Wa buluu ndi oyilo akupsa: maring'i atha, kapena masiilo a turbo kapena a mavalavu. Woyera woluma m'maso polizira m'mawa ndi dizilo wosapsa, kawirikawiri chifukwa cha mahita akufa, taimingi yochedwa kapena kompuresheni yochepa. Woyera wosatha injini itatentha, madzi akuchepa mu rediyeta, ndi gasiketi ya hedi.

Dizilo wa m'zigubu ndi wosakaniza parafini amawononga chiyani?

Injini ya common rail, yomwe manozo ake onse amalandira dizilo kuchokera ku paipi imodzi, imapopa mafuta pa mphamvu ya ma bar 1,600 mpaka 2,500, ndipo pampu yake imatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. Parafini satereretsa. Pampu imapalika, tizidutswa ta chitsulo timapita ku manozo onse, ndipo pamafunika kusintha pampu, manozo ndi kutsuka thanki. Mafuta akasowa n'kukakamizika kugula wa m'chigubu, musiyeni akhazikike, musathire wa pansi, ndipo khetsani madzi pa fyuluta ya dizilo. Madandaulo a mafuta oipa a pa filing'i siteshoni amapita ku mabungwe oyang'anira za mafuta ndi magetsi: MERA m'Malawi ndi ERB ku Zambia.

Nkhani ya Volkswagen inasintha chiyani?

Mu 2013 akatswiri a ku West Virginia University ku America, potumidwa ndi bungwe lofufuza za utsi wa magalimoto la ICCT, anayeza magalimoto a dizilo pamsewu n'kupeza NOx wochuluka kutalitali ndi wa mu labotale. Pa 18 September 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA linalengeza kuti Volkswagen inaika pulogalamu yozindikira kuti galimoto ikuyezedwa. Pamsewu NOx ankafika maulendo 40 kuposa malire, ndipo kampaniyo inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni anali ndi pulogalamuyo. Kuyambira September 2017 ku Ulaya anayamba kuyeza pamsewu weniweni ndi makina omangirira kumbuyo kwa galimoto. Choncho Euro 6 ya 2015 ndi Euro 6d ya m'zaka zotsatira zimasiyana kwambiri pa utsi weniweni ngakhale nambala ndi imodzi.

Euro 7 ikubweretsa zotani?

Lamulo lake linavomerezedwa mu 2024. Likuyamba pa 29 November 2026 kwa mitundu yatsopano ya magalimoto ang'onoang'ono, ndi pa 29 May 2028 kwa mathiraki ndi mabasi. Kwa ang'onoang'ono malire a NOx sanasinthe, koma tizidutswa tiziwerengedwa kuyambira ma nanometre 10 m'malo mwa 23 (micrometre imodzi ndi ma nanometre 1,000), ndipo galimoto iyenera kukhalabe m'malire mpaka zaka 10 kapena makilomita 200,000. Mathiraki ndi amene akhwimitsiridwa: NOx watsika kufika magalamu 0.2 pa kWh. Kwa nthawi yoyamba lamuloli likukhudzanso fumbi la mabuleki ndi la matayala. Palinso lamulo lina loti carbon dioxide wa mathiraki atsopano atsike ndi magawo 45 pa 100 pofika 2030 ndi 90 pofika 2040, poyerekeza ndi 2019.

Malamulo a kunjawa amatikhudza bwanji ife?

Amene ali ku London amawamva m'thumba. ULEZ, dera limene magalimoto a utsi wambiri amalipiritsidwa, inayamba mu April 2019 ndipo inafalikira mzinda wonse mu August 2023. Galimoto ya dizilo yosafika Euro 6 imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Magalimoto otero amatsika mtengo, ndipo ena amathera pa sitima zapamadzi zokawagulitsa kumayiko ena. Lipoti la 2020 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono ogwiritsidwapo kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo magawo 40 pa 100 anabwera ku Africa. Mayiko a kumadzulo kwa Africa a m'bungwe la ECOWAS anagwirizana mu 2020 za Euro 4 ndi mafuta a 50 ppm, a East African Community anavomereza Euro 4 mu 2022, ndipo Kenya siilola galimoto yopitirira zaka 8. M'Malawi msonkho wolowetsera galimoto umakwera malinga ndi zaka zake ndi kukula kwa injini.

Ndikufuna kugula dizilo wogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi maulendo anu. Ngati ambiri ndi osakwana makilomita 15 m'tauni, gulani ya petulo, chifukwa sefa siidzapeza mpata wodziyeretsa. Ngati mumayenda mitunda italiitali kapena mumanyamula katundu, dizilo ndi woyenera.

Pisani chala m'kati mwa paipi ya ekizozi injini itazizira. Pa galimoto ya sefa yamoyo chala chimatuluka choyera kapena chotuwa pang'ono, ndipo chikatuluka chakuda bii ndiye kuti sefa inang'ambika kapena inachotsedwa. Suzumirani pansi muone ngati pa chitini cha sefa pali msoko wowotcherera watsopano. Makaniko alumikize kompyuta awerenge kuchuluka kwa mwaye ndi phulusa, makilomita amene yayenda chiwotchereni komaliza, ndi manambala a kusiyana kwa manozo. Ngati zolakwika zonse zangofufutidwa kumene, yendani nayo makilomita 30 kapena 40 muwerengenso musanapereke ndalama.